Nyumba za mitengo ndi macheka a pamanja: ulendo wapansi m'nkhalango ya Kuti

Nyumba ya mitengo imamangidwa m'njira ziwiri. Ina ndi yogoneka zipika, china pamwamba pa chinzake, mpaka khoma litakwera. Ina ndi yoimika mizati ndi nsichi, kenako n'kutseka mipata ndi matabwa, nsungwi kapena dothi. Kuno ku Salima, m'mbali mwa nyanja, njira yachiwiriyi ndiyo idakhazikika, ndipo zifukwa zake zikuoneka m'nkhalango muno: mitengo yake, kutentha kwake ndi chiswe chake. Kuti ndi malo osungirako nyama a mahekitala pafupifupi 2,000, kufupi ndi tauni ya Salima, popatuka pa msewu wa ku Senga Bay. Kale ankawetamo ng'ombe. Mulibe mikango kapena njovu, n'chifukwa chake alendo amayenda wapansi pakati pa mbidzi, mphalapala ndi njiri. Mitengo ya muno ndi yotetezedwa, nkhwangwa siifika, koma mmisiri ali nazo zambiri zoti aonepo.

Choyamba kuona ndi kaimidwe ka mitengoyi. Yambiri ndi yokhota, ndipo imachita mphanda isanatalike. Khoma la zipika limafuna thunthu lowongoka la mamita 5 kapena 6, lonenepa mofanana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Khoma lotalika mamita 2.4, zipika zake zikakhala za masentimita 20, limadya zipika 12. Makoma anayi ndiye kuti 48, osawerengera zipinda zam'kati ndi denga. Tchire la chigwa chino silingapereke mitengo yotere popanda kuliseseratu. Mlambe, ngakhale ndi waukulu chotere, mkati mwake ndi mofewa ndi modzaza madzi, moti sutulutsa thabwa ngakhale limodzi. Chimene anthu amapezako ndi luzi ndi malambe. Msangu umafumbwa msanga, ndipo phindu lake lenileni lili m'munda, pomwe umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiyira chimanga dzuwa ndi chonde. Imene akuluakulu ankaifunafuna pa mizati ndi muwanga, tsanya, naphini ndi mkalati, chifukwa mtima wake ndi wouma gwa, wosalowa chiswe msanga. Mlombwa ndi mbawa ankasungira zitseko, mipando ndi mabwato. Yonseyi imakula mwapang'onopang'ono, ndipo mlombwa woti n'kuchekeka umakhala ndi zaka zoposa za woucheka.

Nyumba yogoneka zipika kwawo ndi kumaiko ozizira a paini, monga Sweden, Finland, Norway ndi Russia, komwe mitengo imakula yowongoka mothithikana ndipo chiswe si nkhani. Pa chilumba cha Kizhi ku Russia pali tchalitchi cha zipika chomangidwa mu 1714, chomwe chikadalipo. Anthu a ku Sweden ndi Finland amene adakakhala m'mbali mwa mtsinje wa Delaware kuyambira 1638 ndiwo amatchulidwa kuti adapititsa luso limeneli ku America. Kuno kwathu chitsanzo chili ku Nyika, pa Chelinda, pamtunda wopitirira mamita 2,000, pomwe nyumba zogona alendo zidamangidwa ndi zipika za paini wa m'nkhalango yodzala ya pomwepo. Pa phiri la Mulanje, zithando zingapo zogonamo okwera phiri ndi za mkungudza, mtengo wonunkhira wosagwidwa chiswe, womwe udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma macheka ndi moto zidautha mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Nyika ndi Mulanje ndi malo okwera ndi ozizira. Nyanja ya kuno ili pa mamita osafika 500, ndipo zimene zimakhalitsa ku Chelinda sizingakhalitse chimodzimodzi ku Salima.

Chulu ichi cha m'mbali mwa njira ndicho chikufotokoza bwino nkhaniyi. Chiswe chimakhala pansi, chimaopa dzuwa ndi mphepo, choncho chikafuna mtengo chimamanga tinjira tadothi n'kumayenda mobisala. Chimayamba ndi mnofu woyera wa kunja kwa thunthu, umene uli ndi chakudya, ndipo mtima wakuda wam'kati chimauchedwera. Paini wosathira mankhwala akakhudza nthaka ya kuno sachedwa kusanduka chikungwa chopanda kanthu m'kati. Lamulo la mmisiri ndi lakuti mtengo usagunde dothi. Maziko amakhala a miyala kapena simenti, okwera masentimita 30 kapena kuposa, kuti tinjira tadothi tija tizionekera poyera n'kumaphwanyidwa. Ena amaika chidutswa cha lata pamwamba pa maziko, chotulukira kunja pang'ono ndi chopindira pansi. Latalo siliphetsa chiswe, koma limachikakamiza kudutsa poonekera. Zitsa, nkhuni ndi zidutswa za matabwa zosiyidwa pansi pa nyumba ndi nyambo, ndipo zimachotsedwa ntchito isanayambe.

Pamthunzi apa ndi poyenera kufotokoza macheka enieniwo, ngakhale kuti sachitikira muno. Amachitikira ku Chikangawa, ku Dedza, ku Zomba, ndiponso m'midzi momwe anthu adadzala bulugamu ndi malaina. Mtengo umagwetsedwa m'chilimwe, n'kusadzidwa nthambi, n'kudulidwa zipika molingana ndi utali wa matabwa ofunika. Makungwa amasendedwa nthawi yomweyo, chifukwa pansi pake ndi pamene tizilombo toboola mitengo timaikira mazira. Ocheka amakumba dzenje loti munthu n'kuimamo, kapena pamalo otsetsereka amamanga thandala la mitengo, n'kugubuduzira chipika pamwamba pake. Mizere amadinda ndi chingwe choviika m'makala osinja osakaniza ndi madzi: amachikunga kuchokera mbali ina kufika ina, n'kuchikoka pakati, n'kuchitaya kuti chimenye mtengo. Mzere womwewo umadindidwa pamwamba ndi pansi pa chipika, ndipo iwiriyo ikapanda kugwirizana thabwa limatuluka lonenepa mbali imodzi.

Sowo yake ndi yaitali kuposa munthu, ya zigwiriro mbali zonse ziwiri. Wapamwamba amaima pa chipika, amakweza sowo ndi kuiwongolera mu mzere. Wapansi amaikokera pansi, ndipo pokokapo ndi pamene imadya mtengo. Utuchi wonse umagwera iyeyo kumaso, n'chifukwa chake awiriwa amasinthana, kupatula ngati wina diso lake la mzere n'losadalirika. Sowo ikalowa ndithu, amakhomera kamtengo kosongoka mu mng'alu kuti isapanike. Mano amanoledwa ndi tupa kangapo patsiku ndi kupindidwa mosinthanitsa, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira ikhale yotakasukirapo kuposa chitsulocho. Sowo yopindidwa mano mbali imodzi imathawa mzere ngakhale ocheka atakhala akatswiri chotani. Zoyamba kuchotsa ndi zigwagwa zinayi za m'mbali, zozungulira kunja ndi zosalala m'kati, kuti chipika chikhale cha ngodya zinayi; kenako ndiye matabwa, a mainchi 2 kwa 6, 2 kwa 4 kapena 2 kwa 3, malinga ndi ntchito. Zigwagwazo sizitayidwa. Ku Mzuzu ndi ku Chikangawa zimamanga timaokala, makhitchini ndi mipanda, ndipo zikakhomedwa bwino pa mizati, khomalo limaoneka ngati la zipika zenizeni pamene mitengo yalowapo yochepa.

Masiku ano ambiri adatembenukira ku makina a tcheni. Ndi achangu, koma njira imene amadya ndi yaikulu, pafupifupi sentimita yathunthu pa mzere uliwonse, kotero pa chipika chimodzi thabwa lonse limathera mu utuchi. Kwa munthu wocheka mitengo yake yodzala yekha, yomwe waidikira zaka zambiri, sowo ya pamanja kapena makina a lamba wopyapyala ndiwo amabweza zambiri.

Thabwa longochekedwa kumene ndi lolemera ndi madzi, ndipo pano ndi pamene omanga ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Matabwa amasanjidwa pamthunzi, pamalo opita mphepo, okwezedwa pa miyala, ndipo pakati pa mzere uliwonse pamaikidwa timitengo touma tofanana kunenepa, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pamwamba amatsendereza ndi miyala n'kufolera. Dzuwa la Okutobala la ku Salima likawaomba mwachindunji, kunja kumauma m'kati mukadali muwisi, thabwa n'kung'aluka kapena kupotoka. Bulugamu ndiye wosachedwa kutero. Kumapeto kwa thabwa kumauma msanga kuposa pakati, choncho amakupaka penti kapena phula. Paini akaunjikidwa osapuma mpweya amachita chuku ndi madontho obiriwira. Chinyezi chikatsika pansi pa 20 peresenti, mtengo suolanso bola usanyowe. Matabwa opyapyala amafikapo m'miyezi yochepa ya chilimwe, koma mitanda yonenepa ndi zipika zathunthu zimafuna chaka kapena kuposa.

Za mankhwala zili pawiri. Mapolo ogula amene adalowetsedwa mankhwala ndi makina, akuda a creosote ngati a magetsi aja kapena obiriwira a CCA, ndiwo okha oyenera kukwiriridwa pansi ngati mtengowo ndi paini kapena bulugamu. Zidutswa za obiriwirawo siziyenera kusonkhezedwa pamoto wophikira, pakuti utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni wa arsenic. Mankhwala opaka ndi burashi salowa patali, ndipo amafuna kubwereza. Kumudzi anthu amawaula tsinde la mzati pamoto kapena kulipaka oilo wakutha wa galimoto. Zimathandiza kwa kanthawi, koma oiloyo amaipitsa nthaka ndi madzi a pachitsime. Nsungwi amazidula zokhwima, m'chilimwe, n'kuziviika m'madzi milungu ingapo kuti zisafumbwe.

Tinyumba togona alendo iti, tomwe denga lake likutsika mbali zonse ziwiri mpaka kufupi ndi pansi, tikuonetsa nzeru ina yopulumutsa mitengo. Phaso ziwiri zokumana pansonga ndi mtanda wozimanga kumunsi zimapanga ngodya zitatu, ndipo chimango chotere sichipendekeka chikakankhidwa. Denga ndilo khoma lomwe, choncho sipafunika zipika zambirimbiri. Kutsetsereka kwake kumathamangitsa madzi. Denga la udzu limafuna kupendekeka kosachepera madigiri 45, apo ayi mvula imalowerera, udzu n'kuola pamodzi ndi mbalo zake. Nyumba yakale ya kumudzi idatsata nzeru yomweyo m'njira yake: nsichi zoimika, nsungwi zopingasa zomangidwa ndi luzi, dothi lophoma, ndi khonde lalikulu la nsanamira lozungulira nyumba kuti mvula isamenye chipupa. Nsanamira ikadyeka, ankaichotsa yokhayo n'kuikapo ina, nyumba ili chiimire. Pa nyumba ya zipika, chipika chapansi chikaola, pamafunika kunyamula khoma lonse ndi majeke.

Pali vuto linanso la zipika zogoneka. Mtengo ukamauma umafota m'mimba mwake, koma m'litali sufupika kwenikweni. Mzati woimika umakhalabe msinkhu wake, pamene khoma la zipika zaziwisi limatsika, mwina mpaka masentimita 15 pa khoma la mamita 2.4, m'zaka zoyambirira. Omanga amasiya mpata pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ndipo mafelemu sawakhomera ku zipika, amawalowetsa mu kangalande kuti khoma lizitsetsereka lokha. Akaiwala, galasi limasweka ndipo chitseko chimakana kutseguka. M'ngodya, chipika chilichonse chimasemedwa kunsi kuti chikhale pa chinzake chopingasa, ndipo chosemedwacho chimayang'ana pansi kuti chisasunge madzi. Ubwino umene nyumba za mitengo za mitundu yonse iwiri zili nawo ndi wakuti zimagwedezeka osagumuka msanga. Salima ili m'chigwa cha zivomezi: pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwedeza boma lino, chidapha anthu ndi kusiya zikwizikwi opanda pogona. Chimango cha mitengo chomangidwa bwino m'mfundo zake, chokhala ndi mitanda yopingasa m'ngodya, chimapirira kugwedezeka kuposa khoma la njerwa zomangira dothi.

Nsanja iyi yoyang'ana kudambo, pomwe alendo amaonera dzuwa likulowa, ili pamalo ovuta kwambiri kwa thabwa: mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi, mwera m'miyezi yozizira, kenako dzuwa loswa mtengo. Pa ntchito yapanja ngati iyi matabwa amasiyanitsidwa pang'ono kuti madzi azidutsa, ndipo mabawuti ndi misomali zimafunika zokutidwa kuti zisachite dzimbiri. Kuola kumayambira pamene matabwa awiri agundana ndi pamene msomali walowa, ndiye mmisiri amayendera malo amenewo chaka chilichonse mvula isanagwe.

Kumalire kwa nkhalango, komwe minda ya anthu ikuyambira, nkhani imasanduka ya komwe mtengo ungachokere. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa monga Thuma ndi Dedza-Salima popanda chilolezo, ndipo onyamula matabwa pamsewu amafunsidwa zikalata za ku ofesi ya zankhalango. Paini wambiri wogulitsidwa m'misika wakhala akuchokera ku Viphya, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 yomwe idadzalidwa poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala imene sidamangidwe. Moto ndi kudula kosadzalanso zidaidya kwambiri, matabwa n'kukwera mtengo. Wodzala mtengo pamalo ake ndiye mwini wake, ndipo ndiye angaucheke popanda mlandu. M'nyengo ya kuno malaina, nimu ndi kesha zimagwira bwino, bulugamu amafuna mitundu yopirira kutentha ndi kutetezedwa ku chiswe akadali mbande, ndipo sadzalidwa pafupi ndi dambo kapena chitsime chifukwa amamwa madzi kwambiri. Mapolo a phaso amapezeka pakatha zaka 5 mpaka 8, pamene thunthu loti n'kutulutsa matabwa limafuna zaka 15 kapena kuposa. Mitengo yodzalidwa mothinana ndi kusadzidwa nthambi zam'munsi ikadali yaing'ono ndiyo imakula yowongoka ndi yopanda mfundo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma ku Salima mbande zimafunika kulowa pansi ndi mvula yoyamba yokhazikika, kuti mizu ikhale itazama chilimwe chisanafike.