Kulondola Mzu wa Banja la Hofmeyr

Dzina la Hofmeyr si lachilendo kwa aliyense wodziwa mbiri ya Magwero. M'chaka cha 1899, Mbusa J.M. Hofmeyr ndi Mbusa P.J. Smit anamanga misasa kumeneko, kufupi ndi kumene lero kuli Chipata, nayamba ntchito m'dziko la Mpezeni. Ambiri amangoti anali Mbunu wochokera ku South Africa, nkhani nkuthera pomwepo. Koma wolondola mzu wa banjali saima ku Cape, ngakhale ku Holland. Amakafika ku Germany.

Kholo lawo, Jan Hendrik Hofmeyr, linachokera ku Ibbenbüren, m'chigawo cha Westphalia. Anyamata a kumeneko, posowa minda ndi ntchito, ankapita ku Holland kukasaka ganyu, ndipo ena ankalembedwa usilikali ndi kampani ya Adatchi yochita malonda kumaiko a kum'mawa. Iyeyu anatsika chombo ku Cape m'zaka za m'ma 1740, nakhazikika komweko. Chimene chimathandiza wofufuza makolo otere ndicho mabuku. Kalaliki wa kampani ankalemba dzina la munthu aliyense, kwawo ndi malipiro ake, osati pofuna kuthandiza olemba mbiri, koma poopa kuti ndalama zingasokonekere. Mabukuwo akusungidwa ku The Hague. Kuchokera apo, mabuku a ubatizo ndi a ukwati a mpingo wa ku Cape ndiwo amalumikiza bambo ndi mwana, mbadwo ndi mbadwo, kufikira kwa N.J. Hofmeyr, amene pamodzi ndi John Murray anayambitsa sukulu ya ubusa ku Stellenbosch mu 1859.

Komatu zolembedwa za ku Cape zili ndi mbali yochititsa manyazi. Kapolo ankalembedwa ndi dzina limodzi lomwe mbuye wake wampatsa, nthawi zina dzina la mwezi, monga Januarie kapena September, kenaka dziko limene anamtenga: "van Bengalen", "van Mosambique". Mai ake sanatchulidwe, mudzi wake sunatchulidwe. Motero mdzukulu wa msilikali uja angathe kukwera ndege nkukaimirira m'tauni momwe kholo lake linakulira, pamene mdzukulu wa munthu wogwidwa m'mphepete mwa Zambezi amalondola mpaka pa dzina la mwezi, mkwaso nkuzimirira pomwepo.