Kodi Boma Nalo Lili Pansi pa Lamulo?

Madzulo ano tikambe za yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, kumene a Nelson Mandela anayamba kuphunzira malamulo m'chaka cha 1943. Chigawo china cha maphunzirowo chimafunsa kuti: kodi boma nalo lili pansi pa lamulo?

Funsoli silinali la m'mabuku mokha ai. Mu 1952 bwalo lalikulu la apilo linafafaniza lamulo lochotsa Makaladi m'kaundula wa onse wa chisankho. Koma boma linachulukitsa aphungu a Senate, ndipo mu 1956 linachita chifuniro chake. Mu 1959 anthu akuda analetsedwa kulowa m'yunivesiteyo popanda chilolezo cha nduna.

A Mandela digiri yawo anailandira mu 1989, akali m'ndende.