Nyenje, woyimba wa m'chilimwe

  Lero tikambirana za nyenje.

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya m'thengo itaphuka masamba atsopano, nyenje zimayamba kulira. Ndi nyengo yomwe Asoli a kuno ku Chongwe amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu kupempha mvula. Dzuwa likafika paliwombo, mbalame zitabisala m'mithunzi, nyenje ndi pamene zimasokosa zedi.

Kodi kachilombo kochepa chonchi kamatulutsa bwanji phokoso logonthetsa m'khutu? Nyenje siyimba ndi pakamwa, komanso sikhuza mapiko ngati nkhululu. Imalira ndi yaimuna yokha. M'nthiti mwake, pomwe mimba yayambira, muli timing'oma tiwiri, kwina kamodzi kwina kamodzi. Mnofu wamphamvu ukakoka, kang'omako kamabonyokera m'kati n'kumveka kuti "tha", ngati chivundikiro cha chitini mukachidina ndi chala. Mnofu ukamasuka kamabwerera m'malo. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, mwakuti khutu lathu limangomva mawu amodzi osadukiza. Mimba ya yaimuna ndi yamphako, yodzaza mpweya, ndipo ndiyo imakuza mawuwo. Mtundu wina wa mu Africa muno, wotchedwa Brevisana brevis, anaupima n'kupeza kuti umafika madesibelo 106.7 pa mtunda wa theka la mita.

Achinyamata okonda zamagetsi, tcherani khutu apa. M'chaka cha 1982 kunatuluka kompyuta ya Commodore 64, yomwe inali ndi kachipangizo koyimba kotchedwa SID, kopangidwa ndi katswiri Bob Yannes. Kankatha kutulutsa mawu atatu nthawi imodzi. Njira yake ina inali kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, kenako n'kusefa mawuwo kuti amveke mokoma. Mpaka lero alipo anthu amene amazula tizipangizo timeneti m'makompyuta akale n'kudzipangira okha choyimbira chotchedwa synthesizer. Nzeru yake ndi ya nyenje yomwe ija: kugunda kwakufupi kobwerezabwereza, kenako china chokonza ndi kukuza mawu. Koma nyenje sifuna batire, ndipo inayamba kuyimba chonchi munthu asanadziwe waya.

Padziko lonse pali mitundu ya nyenje yoposa 3,000, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nyimbo yakeyake. Yaikazi imazindikira mwamuna wa mtundu wake pomva nyimboyo. Zikakwerana, yaikazi imang'amba khungwa la kanthambi n'kuikiramo mazira. Tiana tikaswa timagwera pansi, timakumba, n'kukakhala m'nthaka zaka zingapo tikuyamwa madzi a m'mizu ya mitengo. Ku America iliko mitundu imene imakhala pansi zaka 13 kapena 17. Nthawi ikakwana kamwanako kamatuluka usiku, kamakwera mtengo, kamafundula, n'kusiya chikhungwa chake chitakangamira pa tsinde. Moyo wake wa panja ndi wa masabata ochepa chabe.

Ambiri a ife tinakula tikugwira nyenje ndi ulimbo wopaka kunsonga kwa bango, n'kuzikazinga ndi kamchere. Ndi ndiwo yabwino, ndipo mbalame ndi abuluzi nawonso amadalira zomwezo. Nyenje siluma munthu, komanso siwononga chimanga.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti, abale anga, tsiku lililonse matumba a makala amachoka m'dera lathu lino kupita ku Lusaka. Tikudziwa kuti ambiri amaotcha makala chifukwa chosowa pogwira. Komabe mtengo ukagwa n'kuzulidwa chitsa, ana a nyenje omwe akhala akuyamwa mizu yake kwa zaka amafera pansi pomwepo, osaonedwa ndi munthu. Thengo likayera, chilimwe chotsatira nyenje zimachepa, ndipo ndiwo nayo imasowa.

Choncho polambula munda tisiyeko mitengo ina ikuluikulu. Podula, tisiye chitsa kuti chiphukire. Ana athu tiwatengere pansi pa mtengo, tiwaonetse timing'oma tija, kuti amene adzaphunzire zamagetsi adzadziwe kuti mphunzitsi woyamba ali kuseri kwa nyumba yawo.