Agogo, Lamya za M'manja ndi Matenda a Maganizo

Amayi nonse amene mwabwera kuno ku sikelo, lero tikambirane za agogo amene amakulererani ana. Ena a iwo tsopano ali ndi lamya za m'manja. Kulankhula ndi adzukulu akutali pa WhatsApp kumachepetsa kusungulumwa. Koma kuchezera pa Facebook usiku kumasowetsa tulo, ndipo mauthenga a maliro ndi mphekesera zimawonjezera nkhawa.

Penyetsetsani zizindikiro izi: kukhala ndwii, kukana chakudya, kusagona, ndi kuleka zimene ankazikonda. Zikapitirira masabata 2, musanene kuti ndi ukalamba chabe kapena ufiti. Angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Aperekezeni ku chipatala. Akatchula zodzipha, pitani nawo tsiku lomwelo.

Kumbukirani: lamya singalowe m'malo mwa kucheza nawo pakhonde.