Kumva Matenda a Makina

Mwini chigayo wodziwa ntchito yake amamva ndi khutu kuti beringi yatha chigayocho chisanaime. Akatswiri a m'mafakitale nawonso amamvetsera, koma iwo amamatirira kachipangizo pa makina kuti kaziyeza kunjenjemera kwake. Shafuti yozungulira ka 1,500 pa mphindi imodzi ikalemera mbali imodzi, imagwedeza makinawo ka 25 pa sekondi iliyonse, ndipo chizindikiro chimenechi sichibisika.

Vuto limadza pa makina osinthasintha liwiro, monga aja opanga magetsi ndi mphepo. Liwiro likasintha, chizindikiro chija chimasuntha ndi kusokonezeka. Nchifukwa chake akatswiriwo amawerenga kugwedezeka pa kuzungulira kulikonse kwa shafuti, osati pa sekondi. Potero beringi yodwala imasinthidwa isanaononge makina onse ndi kuimitsa ntchito ya anthu ambiri.