Msilikali wonyamula kamera

 Lero pa 27 Januwale, tsiku lokumbukira Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa mu ulamuliro wa Hitler, mwandiitana kudzatsegulira chionetsero cha zithunzi. Tisanaimirire kukaona, tiyambe tafunsa kuti anajambula ndani.

Zithunzi zambiri za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zinajambulidwa ndi asilikali a Germany a m'magulu otchedwa Propagandakompanien. Maguluwa anayamba mu 1938, unduna wofalitsa nkhani wa Joseph Goebbels utagwirizana ndi likulu la asilikali, ndipo pofika 1942 anali ndi anthu pafupifupi 15,000, mkulu wawo ali Hasso von Wedel. Anali atolankhani, ojambula ndi aulutsi a pawailesi, onse mu yunifomu. Mfundo yanga ndi yakuti anthuwa sanali mboni chabe. Anali nawo pa ntchito yakupha, chida chawo ndicho chinali chosiyana. Taonani za ku Lviv. Kumapeto kwa Juni 1941, apolisi achinsinsi a Soviet Union anapha akaidi ambirimbiri m'ndende asanathawe. Ajeremani atalowa, Ayuda a mumzindamo anakakamizidwa kutulutsa mitembo yowolayo, akumenyedwa m'mabwalo a ndende, ambiri mpaka kufa. Kanema wa nkhani, Die Deutsche Wochenschau, anaonetsa mitemboyo ku Germany konse, mlandu n'kuukankhira kwa Ayuda, chonsecho ena mwa akaidi ophedwawo anali Ayuda omwewo.

Wina anena kuti kamera siinama, imajambula chimene chilipo. Zoona, mwana wansanza wogona m'mbali mwa msewu ku Warsaw mu 1941 analipodi, ndipo ngolo yonyamula mitembo inalipodi. Koma anatsekera Ayuda oposa 400,000 mumpanda mumzindamo ndani, n'kuwamana chakudya mpaka matenda a typhus kubuka? Zimenezo kamera inazifulatira. Inaonetsa nsabwe ndi njala ngati chibadwa cha Myuda, kuti woonera kwawo anyansidwe, anene kuti mpandawo ndi woyenera. Bodza silinali m'chithunzi ayi, linali m'chimene anasankha kuloza ndi m'mawu olembedwa pansi pake.

Wina atinso anali asilikali, ankangomvera lamulo. Mawu amenewa anawathandizadi nkhondo itatha: Julius Streicher, mwini nyuzipepala ya Der Stürmer, ananyongedwa ku Nuremberg mu 1946, koma von Wedel sanaimbidwe mlandu kumeneko, ndipo ambiri mwa anyamata ake anakapeza ntchito zapamwamba m'nyuzipepala ndi m'magazini a West Germany. Komatu unduna unkangopereka mutu wa nkhani. Kusankha nkhope ya nkhalamba yandevu, kuiimika pakhoma, kudikira kuti dzuwa liiwale bwino, limenelo linali luso la munthu payekha, ndipo ambiri analigwiritsa ntchito modzipereka.

Zithunzi zawo zoposa miliyoni zikusungidwa ku Bundesarchiv, malo osungira zakale a boma la Germany, ndipo popanda izo tikanadziwa zochepa; ichi sindikana. Pempho langa kwa inu ophunzira n'lakuti pa chithunzi chilichonse muwerenge dzina la wojambula ndi gulu lake musanayang'ane nkhope ya wojambulidwayo. Wapampando, chionetserochi ndachitsegulira.