Mbalame za pa Nyanja ya Chivero



Munthu wobadwira ku Mangochi adziwa cilumba ca Boadzulu, cimene miyala yace iyera mbuu ndi zitosi za mphipi, mbalame zakuda zija zimene zimira pansi pa madzi pofuna nsomba. Asodzi a kumeneko sapenya mbalame mwa masewera ai. Zikaunjikana pa madzi, iwo adziwa kuti usipa uli pomwepo.

Kuno ku Harare nyanja yathu ndiyo Chivero, damu lomangidwa pa mtsinje wa Manyame m'caka ca 1952, limene kale linali ndi dzina la Lake McIlwaine. Mukafikako m'mamawa, khalani cete pa gombe. Mudzaona mphipi ili pa citsa itatambasula mapiko, pakuti nthenga zace zimanyowa ndipo iyenera kuziumitsa. Kakowa adzaima m'madzi osaya ngati mtengo. Koma nkhwazi, imene Ashona amati hungwe, mudzaimva musanaione: ilira itaponya mutu kumbuyo. Ndiyo yomwe ija ya pa mbendera ya Zambia, ndipo mfuu yace pa Chivero siisiyana ndi ya ku Likoma.

Tsono mverani bwino. Madzi a m'mipopi yathu acokera m'nyanja imeneyi, ndipo zonyansa za m'zimbudzi za mzinda zibwereranso momwemo potsata mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Zonyansazo zimeretsa namasupuni ndi ndere zobiriwira zokhala ndi ululu. M'mwezi wa December 1924 ukadanena izi akadakuseka, pakuti nyanjayo panalibe. Koma mu December 2024 a boma oyang'anira nyama analengeza kuti ululu wa nderezo unapha zipembere 4, mbidzi 3 ndi nkhwazi 4, pamodzi ndi nsomba zambirimbiri.

Nkhwazi idya nsomba zomwezo zimene amai athu agula m'misika ya m'malokeshoni. Cifukwa cace mukaona mbalame itafa pa gombe, kapena nsomba zikuyandama mimba m'mwamba, musatole, ndipo muletse ana kusamba pamenepo. Ululu wa ndere sutha ndi kuphika, ngakhale mphika uwire cotani.